Mapiritsi a m'kajumbo: lipoti la wodwala COVID-19 amene anamwa mankhwala oyesera asanafike kuchipatala

Lipotili ndi la bambo wa zaka 58 amene ndinawasamalira mu wodi ya odwala COVID-19 kumayambiriro kwa 2021. Dzina lawo ndi zina zowazindikiritsa ndazichotsa, ndipo eni ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe. M'thupi la munthu mmodziyu munadutsa pafupifupi mankhwala onse amene dziko linkakangana nawo nthawi imeneyo. Usiku wawo woyamba m'manja mwathu tinatsala pang'ono kuwataya chifukwa cha mankhwala, ndipo ena mwa mankhwalawo anawalemba ndine.

Mmene anafikira

Bambowa akhala ndi matenda a shuga kwa zaka 9 ndipo amamwa metformin. Alinso ndi BP, imene amamwera amlodipine ndi hydrochlorothiazide. Sasuta, mtima sunawavutepo, ndipo katemera wa COVID-19 anali asanabayidwe.

Tsiku loyamba anamva kuphwanya ndi kutentha thupi, kenako anasiya kumva fungo. Tsiku lachiwiri anayezetsa n'kuwapeza ndi kachilombo ka SARS-CoV-2. Kachipangizo kopana pachala kankasonyeza kuti mpweya m'magazi uli pa 97 peresenti, choncho anauzidwa kuti adzipatule kunyumba, azimwa paracetamol, ndipo abwere phuma likayamba. Malangizowo anali olondola.

Anafika tsiku la 8 atachita kunyamulidwa. Kwa masiku awiri anali akusanza ndi kutsekula m'mimba, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, ndipo anali atakomoka kawiri. Mpweya m'magazi unali pa 89 peresenti, ankapuma ka 28 pa mphindi, thupi linali pa 38.1, BP 138/84, mtima ukugunda ka 62 pa mphindi. Shuga anali pa 27 mmol/L, CRP, imene imatiuza za kutupa m'thupi, pa 96 mg/L, ndipo ALT, imene imatiuza za chiwindi, inali itakwera katatu kuposa mlingo wake. X-ray inasonyeza mitambo yoyera kumunsi kwa mapapo onse awiri.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, mukumwa mankhwala anji?"

"A shuga ndi a BP, adokotala."

Ndinali nditavala masiki, magalasi atachita nthunzi, mpweya ukusokosera m'machubu, odwala ena akudikira. Ndinalemba yankholo n'kupita pa bedi lina. Kukomoka kuja ndinakuika pa kutha madzi m'thupi ndi kukwera kwa shuga. Ndinalamula okosijeni malita 5 pa mphindi, diripi, insulin, enoxaparin 40 mg woteteza magazi kuundana, dexamethasone 6 mg wochepetsa kutupa, ndi ondansetron 8 mg woletsa kusanza. ECG, yojambula kagundidwe ka mtima, ndinailemba kumapeto kwa pepala, ngati chinthu choti chingadikire.

Usiku woyamba

Zotsatira za potaziyamu, mchere wa m'magazi umene mtima umadalira, zinabwera patatha maola 4: 3.0 mmol/L, pansi pa mlingo, ndipo magaziwo anatengedwa insulin isanayambe, imene imatsitsanso potaziyamu. ECG itajambulidwa, QTc inali 548 ms. QT ndi nthawi imene minofu ya mtima imatenga kuti igunde ndi kukonzekeranso kugunda kotsatira, ndipo QTc ndi nthawi yomweyo itawerengedwa molingana ndi liwiro la mtima. Kwa mwamuna siyenera kupitirira 450, ndipo ikadutsa 500 mtima ungathe kusokonekera nthawi iliyonse.

Cha m'ma 11 usiku, tikukonza diripi ya potaziyamu, namwino anandiitana mokuwa. Bambo aja anali atatembenuza maso, ndipo pa monita mizere ya mtima inkapota ngati chingwe, kukula, kuchepa, kukulanso. Imeneyo ndi torsades de pointes, kusokonekera koopsa kwa kagundidwe ka mtima. Inatha yokha patadutsa masekondi pafupifupi 20, tisanamate n'komwe mawaya a makina odzidzimutsira mtima. Tinapereka magnesium sulphate 2 g m'mtsempha, tinathamangitsa potaziyamu kuti afike pakati pa 4.5 ndi 5.0, tinachepetsa insulin, ndipo tinaimitsa ondansetron ndi hydrochlorothiazide.

Ondansetron mmodzi ndi potaziyamu wotsika zingathe kutalikitsa QT, koma kukomoka kawiri kunyumba kuja kunachitika ine ndisanalembe chilichonse. Ndinaimbira foni mwana wawo wamkazi.

"Mayi, pepani ndakudzutsani. Pitani pomwe bambo amagona, mundiwerengere dzina lililonse lolembedwa pa mapaketi amene muwapeze."

Ndinamva kajumbo kakukhuthulidwa. Anawerenga mochita kugawa mawu: hydroxychloroquine, azithromycin, dexamethasone, ivermectin. Kuyambira tsiku lachiwiri mpaka la 7, bambo awo ankamwa hydroxychloroquine 400 mg kawiri pa tsiku, azithromycin 500 mg, ndi dexamethasone 8 mg tsiku lililonse. Ivermectin anamwa masiku awiri.

"Mndandandawo anatitumizira pa foni m'bale wathu, adokotala. Akuti ndi zimene amamwa madokotala eni ake akadwala. Talakwitsa?"

Ndinawayankha kuti anachita zimene munthu wokonda bambo ake amachita akapatsidwa uthenga wooneka ngati wa kuchipatala. M'mawa ndinafunsa bambo aja chifukwa chimene sananditchulire. Anati iwo anamva ngati ndikufunsa mankhwala awo a masiku onse; enawo anali "a korona", ndipo anali atasiya dzulo lake. Funso langa ndi limene linali lalifupi.

Zimene zinali m'kajumbo

Hydroxychloroquine ndi amene ndimamumvera chisoni kwambiri, chifukwa inenso ndinamulemberapo odwala mu April 2020. Chiyembekezo chinali ndi pochokera. Kumayambiriro kwa chaka chimenecho akatswiri ku China anaona kuti chloroquine, mankhwala ofanana naye kwambiri, amaletsa kachilomboka kuswana m'mbale za mu labu. Koma maselo a m'mbalemo anali ochokera ku impso ya nyani. Patapita miyezi, ofufuza ku Germany anasonyeza kuti m'maselo a m'mapapo a munthu kachilomboka kamalowera khomo lina, mothandizidwa ndi puloteni ya TMPRSS2, ndipo chloroquine khomo limenelo salitseka. Pakati apo, mu March 2020, gulu la dokotala Didier Raoult ku Marseille, ku France, linafalitsa kafukufuku wa anthu 36 okha, osagawidwa mwa maere, momwe ena amene anadwalika kapena kumwalira ali pa mankhwalawo sanawerengedwe pa zotsatira. Magazini imene inasindikiza inadzamuchotsa kafukufukuyu mu December 2024, koma pofika apo anali atazungulira kale dziko lonse. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linaloleza mankhwalawa mwadzidzidzi pa 28 March 2020, n'kubweza chilolezocho pa 15 June.

Yankho lenileni linachokera ku kafukufuku wa RECOVERY wa yunivesite ya Oxford, wotsogoleredwa ndi Peter Horby ndi Martin Landray. Odwala 1,561 anapatsidwa hydroxychloroquine mwa maere, 3,155 sanapatsidwe. Pa masiku 28, amene anamwalira anali 27 peresenti mwa olandira ndi 25 peresenti mwa osalandira. Azithromycin anayesedwanso m'kafukufuku yemweyu ndipo mu December 2020 anapezeka kuti sathandiza. Mankhwala awiriwa onse amatalikitsa QT, ndipo akaphatikizana ndi kusanza, kutsekula m'mimba ndi mapiritsi a BP otaya potaziyamu mu mkodzo, zimachitika ndi zomwe tinaona pa monita zija. Hydroxychloroquine amachedwanso kutuluka: kuti theka lake lichoke m'thupi pamapita masiku pafupifupi 40. Kunena kuti "ndinasiya dzulo" sikutanthauza kanthu kwa mtima.

Odwala anga a mu April 2020 aja ambiri anachira, ndipo ndinkapita kunyumba ndikuganiza kuti mapiritsi agwira ntchito. Koma lipoti la WHO la ku China la mu February 2020 linali litanena kale kuti anthu pafupifupi 80 pa 100 alionse amadwala pang'ono kapena mwapakatikati. Pa matenda otere, chilichonse chimene mungapereke chimaoneka ngati chikuchiritsa. Ndinapereka mankhwala oyesera kwa anthu ambirimbiri popanda gulu lofananitsa nalo, choncho iwo anasenza chiopsezo, koma ine kapena wina aliyense sanaphunzirepo kanthu.

Nkhani ya dexamethasone ndi yosiyana, ndipo ndi pamene ndikufuna anzanga a ntchito ayime pang'ono. Awa ndi mankhwala oona. Pa 16 June 2020 RECOVERY inalengeza zotsatira za odwala 2,104 olandira 6 mg pa tsiku kwa masiku osapitirira 10, poyerekeza ndi 4,321 osalandira. Mwa amene anali pa makina opumira, imfa zinatsika kuchoka pa 41.4 kufika pa 29.3 peresenti. Mwa amene anali pa okosijeni yekha, zinatsika kuchoka pa 26.2 kufika pa 23.3. Koma mwa amene sankafunika okosijeni, olandira anamwalira 17.8 peresenti, osalandira 14.0. Mzere wachitatuwu ndi umene unasowa m'mauthenga a pa foni.

Chifukwa chake chili m'mayendedwe a matendawa. Sabata yoyamba kachilombo kamakhala kakuswana m'mphuno, kukhosi ndi m'mapapo, ndipo thupi limafunika chitetezo chake chonse. Sabata yachiwiri, mwa anthu ena, chitetezo chomwecho chimapyola muyezo n'kuyamba kuwononga timatumba ta mpweya ndi timitsempha ta m'mapapo, kachilomboko kakuchepa kale. Dexamethasone amagwira chitetezo dzanja. Pa tsiku la 9, kwa munthu wobanika, kugwira dzanjako n'kumupulumutsa. Pa tsiku lachiwiri, kwa munthu amene mpweya uli pa 97, n'kumumanga manja mdani ali pakhomo. Kwa wodwala shuga kumawonjezanso moto wina, ndipo 27 mmol/L ija inachokera pamenepo.

Ndiye tinali ndi funso lachilendo: mankhwala amene anawavulaza sabata yatha, tiwapitirize? Tinapitiriza, pa 6 mg, chifukwa tsopano anali m'gulu limene kafukufuku anasonyeza phindu. Shuga tinalimbana naye ndi insulin ya NPH m'mawa, popeza dexamethasone womwa m'mawa amakweza shuga kwambiri masana ndi madzulo.

Za ivermectin ndinene mwachidule. WHO inanena mu March 2021 kuti aziperekedwa pa COVID-19 m'kafukufuku mokha, ndipo kafukufuku wamkulu wa TOGETHER ku Brazil, wofalitsidwa mu 2022, sanapeze phindu. Komabe ali ndi ntchito yake mu wodi ngati yathu: kwa munthu amene anakhalapo kumene njoka za m'mimba za Strongyloides zimapezeka, dexamethasone angachititse njokazo kufalikira thupi lonse, ndipo ivermectin ndiye mankhwala ake.

Remdesivir

Tsiku la 9 mwana wawo uja anaimba. Anali atawerenga za remdesivir ndipo banja linali lokonzeka kumufunafuna kulikonse.

Remdesivir, wa kampani ya Gilead, anayesedwapo kale pa Ebola ku Democratic Republic of Congo, kumene anapambanidwa ndi mankhwala ena awiri. Amasokoneza makina amene kachilombo kamakopera chibadwa chake. Pa COVID-19, kafukufuku wa ACTT-1 wa odwala 1,062 anasonyeza kuti nthawi yochira inafupika kuchoka pa masiku 15 kufika pa 10. Koma kafukufuku wa Solidarity wa WHO, wa odwala oposa 11,000 m'mayiko 30, analengeza mu October 2020 kuti remdesivir, hydroxychloroquine, lopinavir ndi interferon sanachepetse imfa mooneka, ndipo mwezi wotsatira WHO inalangiza kuti remdesivir asamaperekedwe mwachisawawa kwa ogonekedwa.

Sitinapereke. Linali tsiku la 9, nthawi ya mankhwala olimbana ndi kachilombo ikutha. Chiwindi chinali kale pa mavuto. Komanso panali malipoti akuti remdesivir amachedwetsa kugunda kwa mtima, zomwe n'zoopsa kwa munthu wa QT yaitali. Kwa bambowa ndikadasankhanso chimodzimodzi lero. Koma chithunzi chonse chinasintha pambuyo pake. Kafukufuku wa PINETREE anasonyeza kuti remdesivir wa masiku atatu, woperekedwa sabata yoyamba kwa anthu a chiopsezo amene sanagonekedwe, amachepetsa kugonekedwa ndi 87 peresenti, ndipo mu 2022 WHO inasintha malangizo ake. Munthu wa shuga wa zaka 58 pa tsiku lachiwiri la matenda ndi yemwe amayenera mankhwala olimbana ndi kachilombo. Bambowa analandira a sabata yachiwiri pa sabata yoyamba, ndipo a sabata yoyamba anawafunafuna pa yachiwiri.

Tsiku la 11

QTc inali itatsika kufika pa 492 ndipo mtima sunasokonekerenso, koma mapapo anaipiraipira. Malita 5 anasanduka 10, kenako 15 pa masiki ya thumba, mpweya m'magazi ukuzungulira pa 90 peresenti. CRP inakwera kufika pa 168, ali pa dexamethasone. Tinkawagoneka chafufumimba maola ambiri pa tsiku, ndipo akatero mpweya unkakwera pang'ono, akatembenuka chagada n'kutsikanso.

Masabata omwewo kunali kutatuluka zotsatira za tocilizumab, mankhwala a nyamakazi amene amatseka njira ya interleukin-6, imodzi mwa mauthenga okolezera kutupa m'thupi. Kafukufuku wa REMAP-CAP analengeza phindu mu January 2021, RECOVERY mu February. Ya RECOVERY inatenga odwala 4,116 ofunika okosijeni amene CRP yawo inali 75 kapena kuposa, ambiri ali kale pa dexamethasone. Zotsatira zomaliza zinali imfa 31 peresenti mwa olandira ndi 35 mwa osalandira. Bambowa akadakhala mmodzi mwa anthu amenewo. Komabe WHO inali isanalangize mankhwalawa, inadzatero mu July 2021, choncho kwa ife anali akadali oyesera.

Tinayamba tafufuza matenda obisala, chifukwa tocilizumab amafooketsa chitetezo: tinatumiza magazi kuti aone mabakiteriya, makhololo kuti aone TB, tinayeza hepatitis B, tinaonanso maselo oyera, ma platelet ndi ALT, imene inali itayamba kutsika. Kenako ndinakhala pambali pa bedi. Kupempha chilolezo kwa munthu amene akupuma ka 32 pa mphindi n'kovuta, ndipo n'kosavuta kungomusainitsa. Ndinalankhula mawu aafupi, mwana wawo akumvetsera pa foni.

"Bambo, pali mankhwala a nyamakazi. Pa matenda anuwa ndi atsopano. Ayesedwa pa anthu oposa 4,000. Pa odwala 25 ngati inu, amapulumutsa mmodzi amene akadamwalira. Angathenso kutsegulira khomo matenda ena. Mukakana, chisamaliro chanu sichisintha."

Anakweza masiki pang'ono. "Nanga aja... ndinamwa kunyumba... si oyeseranso?"

Funso limeneli lakhala nane mpaka lero. Ndinawauza kuti awiri mwa aja anayesedwa kale pa anthu masauzande ndipo anakanika, amodzi anali abwino koma anabwera tsiku lolakwika, pamene awa ayesedwa pa anthu odwala ngati mmene iwo alili lero ndipo athandiza pang'ono.

"Pang'onopo... ndipatseni."

Analandira 600 mg m'diripi kamodzi, molingana ndi kulemera kwawo kwa makilogalamu 78. Patatha maola 48 CRP inagwa kufika pa 40 ndipo thupi linazizira. Ndinachenjeza gulu lonse kuti tisasangalale ndi manambala amenewo: tocilizumab amagwetsa CRP ndi kutentha thupi kaya munthu akuchira kapena ayi, ndipo angabise chibayo cha mabakiteriya. Kuyambira pamenepo tinkadalira kapumidwe, BP, maonekedwe a makhololo ndi malita a okosijeni.

Tsiku la 13 linali loipitsitsa. Tsiku la 15 tinatsitsa kufika pa malita 8, la 18 pa malita 3, ndipo la 21 anachoka pa okosijeni. Anatuluka tsiku la 23.

Chimene chinasowa

Potuluka, mwana wawo anandifunsa kuti ndi mankhwala ati amene anawachiritsa. Wodwala mmodzi sangayankhe funso limenelo. Ngakhale pa odwala 25 aja, 24 akadakhala ndi mapeto omwewo popanda tocilizumab. Chimene lipoti la munthu mmodzi limatha kusonyeza bwino ndi kuvulala: QTc ya 548 imene inatsika mankhwala atasiyidwa, shuga wa 27 amene anayamba ndi dexamethasone. Phindu limaoneka pokhapokha anthu ambiri akagawidwa mwa maere n'kuwerengedwa onse, amoyo ndi omwalira.

N'chifukwa chake chimandipweteka kuti wodi yathu sinali m'kafukufuku aliyense. RECOVERY inatenga odwala oposa 11,000 m'zipatala zoposa 175 za ku UK m'miyezi itatu yoyamba, chifukwa inakonzedwa kuti dokotala wotopa athe kulembetsa wodwala m'mphindi zochepa, pa fomu yaifupi. M'miyezi yomweyo madokotala ambirimbiri padziko lonse, ine ndili m'gulu, tinkapereka mankhwala omwewo popanda kuwerenga. Pamene kafukufuku palibe, WHO ili ndi ndondomeko yotchedwa MEURI, imene inakonzedwa pambuyo pa mliri wa Ebola wa ku West Africa wa 2014. Imalola mankhwala osatsimikizika pa nthawi ya mliri ngati palibe ena othandiza, ngati komiti yoyang'anira kafukufuku yavomereza, ngati wodwala wavomera atamvetsa, ndiponso ngati zotsatira zikulembedwa ndi kugawidwa kwa ena. Pa tocilizumab tinayesetsa kutsata mzimu wa ndondomekoyi. Mu April 2020 sindinaitsate.

Nkhani ya mtima wa bambowa tinaitumiza pa fomu ya zovuta za mankhwala. Malipoti otere amakathera ku nkhokwe ya WHO imene imasungidwa ku Uppsala, ku Sweden. Pa fomuyo ndinalemba mankhwala onse atatu otalikitsa QT, ondansetron wanga ali pomwepo. Mu wodi tinasintha zinthu ziwiri. Aliyense amene wakomokapo amajambulidwa ECG asanalandire mankhwala oletsa kusanza. Ndipo funso lija tinalitalikitsa: "Chiyambireni kudwalaku, mwamwa chiyani, chilichonse, ngakhale chimene munasiya?" Achibale timawapempha kujambula mapaketi onse pa foni. Pa sabata yoyamba yofunsa choncho tinapeza odwala ena awiri amene anali atamwa dexamethasone kunyumba mpweya wawo uli bwinobwino.

Bambowa anabweranso patatha masabata 6 akuyenda okha. QTc inali 438, potaziyamu 4.3, ALT itabwerera m'malo mwake. Mpweya m'magazi unali pa 96 peresenti atakhala pansi, ndipo unkatsika kufika pa 92 akayenda mphindi 6. Insulin tinali titaisiya sabata yachinayi ndipo anabwerera pa metformin, hydrochlorothiazide sitinawabwezere. X-ray inasonyeza timizere totsalira kumunsi kwa mapapo, choncho tinawapatsa tsiku lodzajambulanso pakatha miyezi itatu, ndi tsiku la katemera. Mwana wawo anabweretsa kajumbo kaja. Munatsala mapiritsi 16 a hydroxychloroquine, ndipo tinawapereka ku famase kuti akawonongedwe.